Momwe mlembi wa nkhani zazifupi angadzisindikizire yekha pa intaneti n'kupezapo kanthu

Alembi ambiri a nkhani zazifupi amagwa pa malo amodzimodzi. Nkhani amailemba bwino, anzawo amaiyamikira, kenako amaiika pa msika wa mabuku wa pa intaneti, koma miyezi imatha popanda wogula woposa achibale awiri kapena atatu. Ena amagulitsa ndithu, koma ndalama zimatsakamira kunja chifukwa sanakonzeretu njira yozilandirira. Enanso amatumiza PDF kwa munthu mmodzi amene walipira, mawa lake n'kuipeza ikuzungulira m'magulu a WhatsApp kwaulere. Mwayi wodzisindikizira ulipo, ndipo ndi waukulu kuposa umene alembi anali nawo pamene khomo linali la nyuzipepala ndi makampani osindikiza mabuku a kusukulu okha, koma uli ndi malire amene tiyenera kuwavomereza. Nkhani imodzi payokha sibweretsa ndalama zooneka. Chimene chimagulika ndi buku la nkhani zingapo, ndipo chimene chimasunga mlembi kwa zaka ndi owerenga amene iye mwini angathe kuwafikira popanda kudutsira kwa kampani iliyonse. Malangizo ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Nkhani zomalizidwa zosachepera 8, zimene pamodzi zingakwane mawu 20,000 kapena kuposerapo.
- Kompyuta, kapena foni yabwino, yokhala ndi Google Docs, LibreOffice Writer kapena Microsoft Word.
- Pulogalamu ya Calibre, yomwe ndi yaulere, yosandutsira zolemba zanu kukhala fayilo ya EPUB, mtundu wa buku lowerengera pa foni kapena pa kompyuta, ndi Canva yokonzera chikuto.
- Anthu awiri owerenga mosakondera, ndipo mmodzi akhale wodziwa bwino malamulo a kalembedwe ka chilankhulo chimene mwalembamo.
- Chiphaso chaunzika kapena pasipoti, imelo ya ntchito yokhayi, akaunti yakubanki, ndiponso nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati mudzagulitsa kwa anthu a ku Malawi.
- Kope lolembamo kumene nkhani iliyonse inatumizidwa, tsiku lake, ndi zimene munagwirizana ndi oilandira.

1. Sankhani msika molingana ndi chilankhulo

Msika waukulu kwambiri wa mabuku odzisindikizira ndi Kindle Direct Publishing, kapena kuti KDP, umene kampani ya Amazon inatsegula mu 2007. Koma KDP ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imalandira, ndipo ngakhale Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chiafrikaans zilipo, Chichewa palibe. Choncho wolemba m'Chingerezi angathe kuyang'ana ku Amazon, Kobo, Apple Books ndi Google Play Books, pamene wolemba m'Chichewa ayenera kuika mphamvu zake pa kugulitsa yekha mwachindunji, monga tafotokozera pa nambala 8. Zimenezi zisamufooketse, chifukwa owerenga Chichewa, kaya ali ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete kapena ku Johannesburg, amapezeka pa WhatsApp ndi pa Facebook kuposa pa Amazon, ndipo ambiri a iwo alibe khadi yakubanki yogulira zinthu m'madola.

Chenjezo: musalembetse buku la Chichewa ngati la Chingerezi pofuna kulilowetsa mozemba. Likhoza kukanidwa, ndipo kubwereza zimenezi kungaike akaunti yanu pa chiswe.

2. Werengetsani ndalama musanaike mtengo

Apa mpamene chiyembekezo cha alembi ambiri chimasweka, choncho tiyenera kukhalapo nthawi. Amazon imapatsa mlembi 70 peresenti ya mtengo ngati buku likugulitsidwa pakati pa madola 2.99 ndi 9.99, ndipo wogulayo ali m'mayiko ena osankhidwa monga America, Britain, Canada ndi Germany. Pa ndalamazo imachotsapo kangachepe kolipirira kutumiza fayilo, malinga ndi kukula kwake. Buku lotsika mtengo kuposa madola 2.99 limapatsa mlembi 35 peresenti yokha. Nkhani imodzi ya masamba 15 kapena 20 n'kovuta kuigulitsa pa mtengo woposa masenti 99, ndipo pa mtengo umenewo mlembi amatsala ndi masenti pafupifupi 35. Buku la nkhani 10 pa madola 2.99 limasiyira mlembi madola opitirira pang'ono 2. Izi zikutanthauza kuti mufunika ogula 6 a nkhani imodzi kuti mupeze ndalama zimene wogula mmodzi wa buku lathunthu angakupatseni, pomwe ntchito yosaka wogula ndi yofanana. Wogulitsa tomato pamsika amadziwa chifukwa chake amaika pa mulu m'malo mogulitsa mmodzimmodzi.

Pali msonkhonso. Boma la America limadula 30 peresenti pa ndalama za mabuku ogulitsidwa m'dzikolo ngati mlembi akukhala m'dziko limene lilibe pangano la za misonkho ndi America. South Africa ndi Britain ali nalo panganoli, koma Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe alibe. Mlembi wokhala ku Mzuzu adzaona masenti 35 aja atatsika kufika pa 24, ndipo madola 2 aja atatsika kufika pafupifupi dola imodzi ndi theka. Lembani masamu amenewa m'kope mwanu, ndipo muwayerekeze ndi ndalama zimene mukufuna kulipira mkonzi ndi wojambula chikuto, kuti mudziwiretu kuchuluka kwa mabuku amene muyenera kugulitsa musanayambe kuona phindu.

3. Tumizani nkhani ku mipikisano ndi ku magazini musanaisindikize nokha

Nkhani yaifupi ili ndi mwayi umene buku lalitali lilibe, woti ingathe kulipidwa kawiri: koyamba ndi magazini, nyuzipepala kapena mpikisano, kachiwiri ikalowa m'buku lanu. Koma dongosolo lake silitembenuzika, chifukwa malo ambiri olipira amafuna nkhani imene sinasindikizidwepo kwina kulikonse. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, umene umalandira nkhani za mawu 2,000 mpaka 5,000 kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 1 Novembala chaka chilichonse, ndi waulere kulowa, ndipo wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500 pamene wopambana onse amalandira mapaundi 5,000. Umalandiranso nkhani zomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo china, zimene zimatsegulira khomo wolemba m'Chichewa. Nkhani imene ikugulitsidwa kale pa Amazon siingalowe mpikisano umenewu. Mphoto ya Caine, ya mapaundi 10,000, imene inayamba kuperekedwa mu 2000, imayenda mosiyana: imafuna nkhani yosindikizidwa kale, yotumizidwa ndi oisindikizawo, ndipo yodzisindikizira yekha siiloledwa. Mlembi wa ku Malawi Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa mphotoyi mu 2008 ndi mu 2012, umboni woti njira imeneyi ndi yotheka kwa ife. Kunyumba kuno, tsatirani zolengeza za bungwe la alembi la Malawi Writers Union ndi masamba a nkhani zopeka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata.

Ndikulangiza kuti nkhani zanu ziwiri kapena zitatu zamphamvu kwambiri muziyendetse m'malo otere kwa chaka chimodzi musanaziike m'buku. Kuthamanga sikufika. Nkhani ikalandiridwa, werengani mgwirizano wake mpaka kumapeto, ndipo muonetsetse kuti mukupereka chilolezo choisindikiza koyamba chabe, kwa nthawi yotchulidwa, osati umwini wonse.

4. Sanjani buku ndi kulikonza

Buku la nkhani zingapo liyenera kukhala ndi ulusi woligwirizanitsa, kaya ndi malo amodzi, ntchito imodzi, banja limodzi kapena mtundu umodzi wa nkhani monga zachikondi, zaupandu kapena zoopsa. Wogula amafuna kudziwa chimene akugula, ndipo buku losakaniza nthano ya ana, nkhani ya ndale ndi nkhani ya ufiti limavuta kulifotokoza m'ziganizo ziwiri. Nkhani yabwino koposa ikhale yoyamba, chifukwa misika ya pa intaneti imaonetsa kwaulere masamba oyambirira, ndipo pa Amazon gawo limeneli ndi pafupifupi 10 peresenti ya buku lonse. Musawononge masamba amenewo ndi mawu othokoza ataliatali, aikeni kumapeto. Nkhani yachiwiri pa ubwino ikhale yotsekera.

Perekani bukulo kwa owerenga anu awiri aja, aliyense payekha, ndipo pamene onse awiri apunthwa pa ndime imodzi, ndimeyo ili ndi vuto ngakhale inu mumaikonda. Wolemba m'Chichewa azimitse chida chodzikonzera mawu chokha m'foni kapena m'kompyuta, chifukwa chimasandutsa mawu athu kukhala a Chingerezi mwakachetechete, moti "bambo" amapezeka atakhala "bamboo" pakati pa nkhani ya maliro. Sankhaninso kalembedwe kamodzi n'kukatsata buku lonse: ngati mwayamba kulemba ŵ, mulembeni paliponse pamene akufunika, ndipo tizizindikiro ta mu m', n' ndi ng' tisasowe pa tsamba lina n'kupezeka pa lina.

5. Konzani mafayilo awiri

Misika ya mabuku imafuna EPUB, fayilo imene mizere yake imadzisintha molingana ndi kukula kwa galasi la foni. Mu Word kapena Google Docs, mutu wa nkhani iliyonse muupatse kalembedwe ka Heading 1, nkhani iliyonse iyambire pa tsamba latsopano, ndipo musagwiritse ntchito mipata yambirimbiri pokankhira ndime m'kati. Kenako lowetsani fayiloyo mu Calibre, imene idzapanga EPUB pamodzi ndi tsamba la zam'kati kuchokera pa mitu ija.

Owerenga ambiri akwathu anazolowera PDF, choncho konzaninso imeneyo, koma moganizira foni. Tsamba la A4 likatsegulidwa pa foni yaing'ono, zilembo zimaoneka ngati nyerere, ndipo munthu amatopa ndi kukoka tsamba uku ndi uku ndi zala asanamalize nkhani yoyamba. Ikani tsamba pa A5 kapena locheperapo, zilembo zikhale zazikulu ndithu, ndipo fayilo yonse isapitirire 2 MB kuti isadye bandulo ya wogula. Mafayilo onse awiri atseguleni pa foni yotsika mtengo, osati pa kompyuta yanu yokha, n'kuona ngati ŵ sanasanduke kabokosi.

6. Chikuto ndi mawu ofotokoza buku

Amazon imalangiza chikuto cha mapikiselo 2,560 m'litali ndi 1,600 m'lifupi, cha mtundu wa JPEG. Wogula amachiona koyamba chili chaching'ono kwambiri, ndiye mutu uyenera kuwerengeka ngakhale pamenepo. Chithunzi chikhale chanu, chogula, kapena chololedwa kugwiritsidwa ntchito pa malonda, osati chotola pa Google. Pa chikutopo lembani kuti ndi nkhani zazifupi, kuopa kuti woganiza kuti wagula nkhani imodzi yaitali angadzalembe ndemanga yaukali. KDP imakulolani kulemba mawu osakira 7 ndi kusankha magulu atatu a mabuku. Sankhani ofotokoza zenizeni za buku lanu.

7. Tsegulani akaunti, ndipo muganize bwino za KDP Select

Potsegula akaunti ya KDP mudzafunsidwa dzina lenileni, adiresi, mafunso a msonkho amene amadzaza fomu ya boma la America yotchedwa W-8BEN, ndi njira yolandirira ndalama. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa chiphaso ndi la kubanki, ngakhale pa chikuto mutalemba dzina lina. Amazon siitumiza ndalama mwachindunji ku mabanki a dziko lililonse, ndipo alembi ambiri a m'mayiko otere amadzera ku Payoneer, kampani yolandirira ndalama zochokera kunja, choncho njira imeneyi itsimikizeni kuti ikugwira ntchito kwa inu musanaike buku. Ndalama zimabwera patapita masiku pafupifupi 60 kuchokera kumapeto kwa mwezi umene bukulo linagulidwa. Buku latsopano limaunikidwa kwa maola osapitirira 72 nthawi zambiri. Kuyambira mu 2023, KDP imafunsanso ngati mawu kapena zithunzi za bukulo zapangidwa ndi makina a AI, mapulogalamu amene amadzilembera mawu ndi kudzijambulira zithunzi okha, ndipo funsoli liyankheni moona.

Mudzaona bokosi lokuitanirani ku KDP Select. Mukalichonga, mwalonjeza kuti kwa masiku 90 buku lanu la pa intaneti silipezeka pa msika wina uliwonse, ngakhale pa WhatsApp yanu, ndipo lonjezoli limadzibwereza lokha mukapanda kuliletsa. Phindu lake ndi loti bukulo limalowa mu Kindle Unlimited, mmene anthu amalipira pamwezi n'kumawerenga mmene angathere. Kuyambira mu Julayi 2015, Amazon imalipira alembi a m'menemo powerengera masamba amene awerengedwa, ndipo mtengo wa tsamba limodzi wakhala ukuzungulira pa theka la senti. Nkhani ya masamba 20 imabweretsa masenti osapitirira 10 ikawerengedwa yonse. Dongosololi limakomera olemba mabuku aataliatali otsatizana, ndipo kwa mlembi wa nkhani zazifupi amene owerenga ake ambiri ali kumudzi kuno, ndikuona kuti limamulanda zambiri kuposa zimene limampatsa. Ndi bwino kulisiya bokosilo, n'kuika bukulo pa Draft2Digital, imene imalifikitsa ku Apple Books, Kobo, Barnes & Noble ndi malaibulale, n'kutengapo pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wake.

8. Gulitsani nokha mwachindunji

Kwa wolemba m'Chichewa, iyi ndiyo njira yaikulu, ndipo wolemba m'Chingerezi asainyoze. Tulutsani nkhani imodzi yathunthu kwaulere pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo kumapeto kwake lembani mutu wa buku, mtengo ndi nambala yolipirira. Mtengo ukhale umene munthu angaulipire popanda kukafunsa kunyumba, wofanana ndi wa bandulo ya masiku ochepa. Wogula akatumiza ndalama, musadalire chithunzi cha uthenga chimene wakutumizirani, chifukwa mauthenga abodza a ndalama ndi ofala. Yang'anani nokha mu akaunti yanu ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mukaona kuti zalowa, mpamene mutumize fayilo. Musanaitumize, lembani dzina la wogulayo pansi pa tsamba loyamba ndi mawu omuthokoza. Zimatenga mphindi ziwiri, ndipo munthu amachita manyazi kumwaza m'magulu fayilo yokhala ndi dzina lake.

Kubedwa kwa PDF simungakuthetseretu. Chimene mungachite n'kuonetsetsa kuti tsamba lomaliza lili ndi nambala yanu ndi mayina a mabuku anu ena, kuti ngakhale wowerenga mwakuba adziwe kumene angagule lotsatira. Abale a ku South Africa ndi ku Britain, amene amalakalaka kuwerenga chinenero chawo, angathe kulipira kudzera m'makampani otumizira ndalama kumudzi monga Mukuru, ndipo ndi bwino kuwafotokozera zimenezi pa chilengezo chomwecho.

9. Sungani mndandanda wa owerenga anu

Misika ya pa intaneti imatsekedwa. OkadaBooks ya ku Nigeria, imene inayamba mu 2013 ndipo inathandiza alembi ambiri a mu Africa kugulitsa mabuku a pa foni, inatsekedwa mu Novembala 2023. Kindle Vella, imene Amazon inatsegula mu 2021 kuti anthu azigulitsa nkhani m'zigawozigawo, inatha mu Febuluwale 2025. Alembi amene owerenga awo ankawadziwira pa malo amenewo okha anayambiranso pansi. Aliyense wogula kwa inu mumupemphe chilolezo chosunga nambala kapena imelo yake, ndipo muzimudziwitsa za buku latsopano lokha, osati kumutumizira mauthenga tsiku ndi tsiku. Mndandandawo muusunge pa malo awiri, limodzi likhale kunja kwa foni. Buku lachiwiri lituluke chaka chisanathe, anthu asanakuiwaleni, pakuti ogula loyamba ndi amene amagula lachiwiri pa sabata yoyamba, ndipo obwera ndi lachiwiri amabwerera kukafuna loyamba.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chowawa kwambiri ndi kulipira anthu odzitcha osindikiza mabuku amene amapempha ndalama zambiri kuti akuikireni buku pa Amazon, ntchito imene ndi yaulere ndipo mungaichite nokha madzulo amodzi. Choipitsitsa n'chakuti ena amaliika pa akaunti yawo, kotero kuti malipoti a malonda ndi ndalama zomwe zimapita kwa iwo. Mkonzi ndi wojambula chikuto ndi oyenera kulipidwa, koma akaunti ikhale yanu nthawi zonse.

Ena amachedwetsa buku miyezi yambiri posaka ISBN, nambala yozindikiritsa buku padziko lonse. Buku la pa Kindle silifuna nambalayi, chifukwa Amazon imalipatsa nambala yakeyake yotchedwa ASIN. ISBN mudzaifuna mukaganiza zosindikiza pa pepala kuti bukulo lilowe m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Umwini wa nkhani umakhala wanu kuyambira pamene mwailemba, motetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo ndi nzeru kulembetsa ntchito zanu ku bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso la COSOMA ndi kusunga zolemba zoyambirira zokhala ndi masiku ake, kuti mukhale ndi umboni wina akadzaba.

Kudzaza buku ndi nkhani zolembedwa ndi makina pofuna kuti masamba achuluke n'kudzipha nokha. Mu Febuluwale 2023, magazini ya ku America yotchedwa Clarkesworld inaimitsa kaye kulandira nkhani chifukwa cha kuchuluka kwa zolemba zotere, ndipo kuyambira pamenepo akonzi ambiri amakana wowatumizira zimenezi osamupatsanso mpata wina. Owerenga nawonso amazindikira msanga nkhani imene anthu ake sayankhula ngati anthu a kwawo.

Palinso chizolowezi chopempha achibale kuti alembe ndemanga zoyamikira pa Amazon, chimene malamulo a kampaniyo amaletsa, ndipo ndemanga zotere zikadziwika zimafufutidwa. Tumizani bukulo kwa owerenga enieni amene si abale anu, ndipo muwapemphe kuti anene zoona.

Cholakwika china ndi kuika m'buku nkhani imene nyuzipepala kapena magazini idakali ndi chilolezo chake. Musanatseke fayilo yomaliza, tsegulani kope lija, muone nkhani iliyonse kumene inapita ndi tsiku limene mgwirizano wake unatha, ndipo imene yasindikizidwapo kale muitchule pa tsamba la umwini pamodzi ndi dzina la amene anaisindikiza koyamba ndi chaka chake.